Zimene Ndinkathira m'Botolo Lanu

Amayi, kodi mukukhala bwanji kumeneko? Ndine Esinati.

Kuno tilipo. Akazi awo a achimwene Yosefe ku Blantyre adachira mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Kachewere wachita bwino chaka chino, koma msewu wa ku Boma udakumbika ndi mvula, moti malole sakukwera kudzagula. Ku Luwani nako kwachita zii. Anzathu othawa nkhondo a ku Mozambiki adabwerera kwawo, tomato wanga akungowolera m'dengu.

Koma chandigwiritsa cholembera si chimenechi. Munkakonda kunena kuti chobisa m'nkhokwe chimatuluka ndi anankafumbwe. Changa chafumbwa, Amayi.

Mukukumbuka botolo lija la mankhwala anu a kuthamanga kwa magazi, la chizindikiro cha kampani ya kunja? Munkakana a m'kapepala a kuchipatala. Munkati, "Chotchipa chimakudya kawiri." Ndiye achimwene ankatumiza ndalama mwezi ndi mwezi, ine n'kumakakugulirani ku famase m'tauni.

Chaka chija tidavota koyamba zipani zambiri, kwacha idagwa, zinthu zonse n'kukwera. Chaka chomwecho mwana wanga Lute, mdzukulu wanu uja, adasankhidwa kupita kusekondale, ine ndilibe fizi. Tsiku lina ku famase wogulitsa adandionetsa mapiritsi ena opanda bokosi, ongowerengera m'kapulasitiki. Adati ndi amodzimodzi ndi anu aja, koma mtengo wake sunkafika ndi theka lomwe. Sindidamukhulupirire kwenikweni. Komabe ndidagula. M'basi pobwerera ndidawakhuthulira m'botolo lanu lakale, chenji n'kumanga pansonga ya chitenje.

Ndidadalira ng'ala yanu, Amayi. Apa ndi pamene pamandiwotcha. Ndidadziwa kuti maso anu sangaone kusiyana. Koma zala zanu zidaona. Mudalifisa piritsi lija pakati pa zala n'kufunsa, "Kodi achepa bwanji?" Ine ndidati azungu asintha kapangidwe. Inu mudati, "Chabwino, mwanawe," n'kumeza.

Ndidachita zimenezi miyezi khumi ndi umodzi. Lute ankavala yunifolomu yogulidwa ndi ndalama za mankhwala anu, inu n'kumamuyamikira kuti nsalu yake ndi yolimba. Ndiye m'mawa uja mudagwa pakhonde mukusenda nyemba, pakamwa n'kupotoka. Pamaliro anthu ankandigwira kuti ndisadzigwetse pansi, akumati mwana uyu ankawakonda amayi ake. Sankadziwa kuti ndikulira ngati munthu amene wapha. Achimwene adaimirira pamanda n'kundithokoza pamaso pa mudzi wonse kuti ndidakusamalani bwino. Ndidangoyang'ana dothi.

Mwezi wathawu mutu unkandiwawa kwambiri, ndipo kuchipatala adandipeza ndi matenda anu omwewo. Atandipatsa mapiritsi a m'kapepala, ndidalimba mtima. Ndidatulutsa botolo lanu pamodzi ndi kapulasitiki kamene ndidasunga, n'kuwafotokozera adokotala zonse. Adawerenga timalemba tating'ono ta pansi pa dzina lalikulu la kampani, n'kundionetsa kuti dzina la mankhwala enieniwo ndi limodzi, mphamvu yake ndi imodzinso. Adati chodula pabotolo paja chinali dzina ndi ulendo wake wochokera kutali. Oopsa, adatero, ndi aja amayalidwa padzuwa mumsika, osadziwika kumene achokera, osati a ku famase yovomerezeka. Adawonjeza kuti matendawa nthawi zina amagwetsa ngakhale munthu amene sadumphitsa tsiku.

Ndimayesa kuti ndituluka m'menemo wopepukidwa. Ndidapepukidwa pang'ono, inde. Sindidakupheni, Amayi. Koma pamene ndinkathira mapiritsi aja m'botolo sindinkadziwa zimenezi. Ndinkakayika, n'kumathirabe. Ndikadakhala nanu pamphasa n'kukuuzani za fizi ya Lute, mwina mukadakalipa tsiku limodzi, mawa lake n'kunena nokha kuti tigule otchipawo. Ndidakumanani mwayi wopereka nokha chimene ndidakuberani.

Lute ali Folomu 3 tsopano, ndipo akuti akufuna unamwino. Sakudziwa kanthu. Achimwene nawonso sakudziwa. Abwera tikakolola kudzamanga chiliza chanu, ndipo ndikulonjeza kuti simenti isanaume ndidzakhala nditawauza zonse, ine ndi pakamwa pangapa, pamanda panu pomwepo. Akafuna kundikalipira, adzandikalipire inu mukumva.

Ndimakukondani, Amayi. Mundikhululukire.

Ndine mwana wanu,
Esinati