Khadi la Zala Ziwiri

Achemwali,

Ayi, nsanje ndilibe. Munandinena pa foni Lamulungu lija kuti ndine wansanje, kenako n'kudula ndisanayankhe, ngati pakamwa muli napo nokha. N'chifukwa chake ndakulemberani, poti pepala silimudula munthu akuyankhula. Ndipo zija zakuti ndikanapitiriza sukulu bwenzi fomu ya mpikisano ija nditalemba ndekha, ndazimva bwinobwino. Ndazisunga, tsiku lina mudzazifuna.

Moni ndiye ndimayenera kuyamba naye, pepani. Muli bwanji kumeneko? Msana uja unaleka? Abwana anu akukulonjezanibe tchuthi cha m'maloto chija? Kuno tilipo. Ana anu ali bwino, wamkuluyo wamera tindevu titatu ndipo tsiku lililonse amabwera kudzandifunsa ngati tafika pometa. Amayi miyendo ndi yomwe ija, pakamwa ndi pomwe paja. Za amuna anu ndinena kumunsi, musalumphireko, werengani mwadongosolo.

Tiyeni tikumbutsane kaye, chifukwa m'banja muno anthu ayamba kuiwala kuposa wodwalayo. Alamu atagwa pa njinga yamoto ija n'kutuluka m'chipatala, manja ankadziwa kusoka koma mutu unkasokoneza choyamba ndi chotsiriza. Telala wa zaka makumi awiri pa makina, koma amatha kulumikiza mkono wa malaya, kenako n'kuima kufunsa ngati mwini wake anamuyeza. Makasitomala anathawa. Inu munapita kukagwira ntchito kutaliko kuti ana adye. Amene ankamva makina ataima kuseri kwa khoma anali ndani? Ine. Paja shopu yanga yometera ndi yawo zinasiyana ndi thabwa limodzi lokha, iwo akayetsemula kasitomala wanga amapukuta kumaso.

Kuchipatala anawapatsa pepala la mawu oti azitsatira. Ankangoliyang'ana ngati kalata ya kukhoti. Ndiye ine, mbuli yanu ija, ndinamanga chingwe pamwamba pa tebulo lodulira, ndinadula makatoni a sopo kukhala makhadi, n'kutenga mapegi anu oyanikira zovala kuti ndiwapachikire. Inde, ndinatenga ndine, lekani kunamizira ana. Ukaipa dziwa nyimbo. Ine sukulu inandikana, koma kujambula anthu moti akwiye ndimatha.

Khadi loyeza ndinajambula mimba ya alandilodi, tepi itaperewera. Khadi lopinda nsalu ndi nkhope ya amayi akamva kuti sindinapite kutchalitchi. Khadi la choko ndi aphunzitsi anga a masamu aja, ndi mutu wawo wonga dzira. Khadi lotsatira ndi zala ziwiri za wakuba zikulowa m'thumba, kuwakumbutsa kuti asiye malo a msoko, zala ziwiri kunja kwa mzere, asanadule. Onse pamodzi makhadi asanu ndi anayi. Akamaliza gawo amakankhira khadi kumanja n'kuyang'ana lotsatira. Tsiku loyamba anaseka mpaka kutsokomola, ndipo ndinaona kuti chimene munthu waseka sachiiwala msanga. Miyezi isanu ndi iwiri yatha, palibe nsalu ya munthu imene anaononga.

Tsopano tifike kwa mng'ono wanu, Profesa. Mwana amene ndinkamupukuta mamina ndi malaya anga. Ali chaka chachiwiri chabe ku koleji ya zaumoyo, koma chijasi choyera amavala ngakhale pokagula tomato. Tsiku loyamba kuona chingwe changa anati ndi zibwana, ndikuchititsa manyazi wodwala. Mukamufunse ngati sanatero.

Kenako bungwe lina la zaumoyo linalengeza mpikisano. Akuti akufuna nzeru zatsopano zothandiza ubongo wa anthu amene akadali pa msinkhu wogwira ntchito, monga ovulala mutu, ogwidwa ndi sitiroko ndi oiwalaiwala, kuti asachoke pa ntchito zawo. Nzeru yopambana akaiyesa m'zipatala, dzina la mwini wake lili pamwamba. Profesa atangomva, zibwana zija zinasanduka sayansi. Anabwera ndi foni, anajambula uku ndi uku, anadzaza fomu, chingwe changa n'kuchipatsa dzina la Chingerezi lalitali moti poliwerenga ndinapuma kawiri. Pano ali m'gulu la anthu asanu omaliza. Chithunzi chake anachimata pa geti la chipatala, akumwetulira pafupi ndi alandilodi anga. Ine ndilimo m'chithunzimo, musadandaule. Chigongono changa chikuoneka m'mphepete, ndipo chinatuluka bwino kwambiri.

Profesayo ndinamufunsa za dzina langa mwaulemu, mwina mokweza pang'ono. Anati pa fomu panali malo a dzina limodzi, ndipo pankafunika munthu wotha kufotokoza pamaso pa majaji. Anati ndisadandaule, adzanditchula m'mawu othokoza. Achemwali, m'mawu othokoza amatchulamo munthu amene anabwereketsa mipando.

Amayi anamugulira nsapato zatsopano. Ine anandiuza kuti ndisese pakhomo pa shopu, tsitsi lisaulukire alendo. Koma chimene chinandibaya kwenikweni ndi alamu. Ndinawamva kuseri kwa thabwa akuuza kasitomala kuti mlamu wawo wamkazi ndi wanzeru zedi, awapititsa patali. Ine ndili apa, mashini m'manja, mpaka ndinamusiyira mnyamata wina kanjira pakati pa mutu. Chabwino, mwina nsanje ilipo. Kasupuni kamodzi.

Tsopano khalani pansi, ndipo ngati mwagwira kapu ikani patebulo.

Lachiwiri m'mawa ndi pamene majaji amabwera kudzaona chingwecho chikugwira ntchito. Alamu atapita kukasamba m'manja kumpopi, ndinalowa m'shopu mwawo n'kuchotsa khadi la zala ziwiri. Ndinaliika m'thumba langa lakumbuyo, ena aja n'kuwasendeza kuti mpata usaoneke.

Musakuwe, imvani maganizo anga, anali abwino. Profesa sadziwa n'komwe kuti makhadi ndi angati. Ndinati pofika pamenepo zinthu ziima, majaji amufunsa chasowa n'chiyani, iye ayamba kutafuna Chingerezi, ndiye ine nditulukira pakhomo ngati m'filimu, khadi m'mwamba, n'kufunsa ngati akufuna ichi. Aliyense adziwa mwini chingwe. Ndinali nditavala kale malaya anga abwino aja.

Anabwera atatu, amayi awiri a magalasi ndi bambo wina wamtali amene anabweretsa nsalu yake yabuluu kuti amudulire malaya pomwepo. Ine ndinaima pakhomo, anthu a m'mashopu ena atadzaza pawindo. Alamu anayeza, n'kukankha khadi. Anapinda, n'kukankha. Analemba ndi choko. Majaji ankaseka zojambula zanga, mmodzi mpaka anavula magalasi kupukuta misozi, Profesa n'kumagwedeza mutu ngati anajambula ndi iye. Kenako panabwera khadi la sizasi. Alamu anatenga sizasi n'kuyamba kudula pamzere penipeni.

Atafika pakati anaima. Anayang'ana nsalu, anayang'ana chingwe, anayang'ananso nsalu. Ananena motsitsa kuti pali china chake chimene aiwala. Bambo wamtali uja anati asafulumire. Profesa anati apitirize, akuchita bwino, osadziwa kuti malayawo akanakwana mwana wa bamboyo. Alamu anabwerezanso kuti aiwala china chake. Kenako anatembenuka n'kundiyang'ana ine. Nkhope ija mukuidziwa, ya tsiku lija kuchipatala pamene analephera kutchula dzina la mwana wanu wamng'ono.

Nthawi yanga ya m'filimu inali imeneyo. Dzanja linafika m'thumba, khadi ndinaligwira, koma silinatuluke. Ndinaona kuti ndikalitulutsa, majaji sadzaona mwini chingwe, adzaona munthu amene wachita izi kwa mlamu wake. Ndinangoima ngati mtengo wa magetsi. Alamu anaika sizasi pansi, anapepesa kwa mwini nsalu katatu, n'kutuluka.

Majaji anali anthu abwino, zimene zinandipweteka kwambiri. Anati tsiku loipa limagwera aliyense, abweranso Lachisanu la sabata yamawa. Profesa analira mpaka chijasi chinanyowa, ndipo ndisakunamizeni, mbali imeneyo yokha sindinamve chisoni kwenikweni. Iye akuti alamu anangogwidwa ndi mantha a pagulu basi.

Koma amuna anu sakuganiza choncho. Lero ndi tsiku lachinayi makina ataphimbidwa ndi nsalu. Amabwera m'mawa, amatsegula chitseko, n'kukhala pabenchi panja kumayang'ana magalimoto. Mayi wina anabwera ndi mayunifolomu a ana ake, anamubweza. Alamuwo anauza amayi athu kuti mutu wabwerera pakale, ndipo ngati ngakhale chingwe chalephera kuwagwira, palibenso chowagwira. Kuseri kwa thabwa kuli zii. Ndimayatsa wailesi mokweza kuti ndisamve.

Mwina mukuti ndingolibwezera khadilo mwakachetechete. Ndinaganizapo, si inu nokha anzeru. Koma akalipeza pachingwe adzati linalipo nthawi yonse, iwo ndi amene analilumpha maso ali poyera. Pamenepo ndiye ndawamaliza. Njira ndi imodzi yokha, yoti ndiime pamaso pawo ndinene kuti ndinachotsa ndine.

Ndipo pali nkhani yabwino imene ndikuidziwa ndekha dziko lonse lapansi. Palibe khadi linawauza kuti alakwitsa. Anazindikira okha, pakati pa kudula, anthu atadzaza pawindo. Chaka chatha akanadula mpaka kumapeto n'kusita. Mutu wa alamu sukubwerera m'mbuyo, Achemwali, ukuchira. Dokotala sakudziwa, Profesa ndi mabuku ake sakudziwa, ndikudziwa ine wometa. Koma kuti ndiwauze zimenezi ndiyenera kuyamba ndi zinazo.

Ndiye ndithandizeni, inu mwakhala nawo zaka zambiri. Ndiyambire pati? Ndiwapeze atadya kapena asanadye? Ndiyambe ndi nthabwala, kapena nthabwala zanga zakwana? Munthu ameneyu amandisiyira makiyi a shopu. Akasokonezeka pamsewu amaimbira ine, osati amayi, osati Profesa. Akadziwa, adzakhulupiriranso chingwe chimene ndinamanga ine? Chonde musawaimbire ndisanalankhule nawo, nkhaniyi isatulukire pakamwa pa wina. Profesanso musamuuze. Ameneyo ndidzamuuza ndekha, koma avule kaye chijasi.

Komanso poti lero ndi tsiku lonena zoona, nsanje sinathe. Dzulo ndinadutsa pa geti la chipatala, ndinaima, ndinamuyang'ana Profesa akumwetulira pachithunzi chija, mtima unachita kuwira ngati ketulo. Dzina langa ndikulifunabe pamenepo, ngakhale la zilembo zing'onozing'ono pansi pa chigongono. Mukadzamaliza kundilalatira, mudzamuuzeko mng'ono wanuyo mawu awiri.

Mundiperekere moni kwa anzanu a m'chipinda aja, makamaka wamfupi uja amene anati ndimaoneka bwino pachithunzi. Muuzeni kuti maso ake ali bwino, asawasinthe. Amayi akuti muzivala zofunda. Ana akuti mubwere. Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu pa ntchito, ndipo akufewetseni mtima musanafike pa foni.

Ndine mlongo wanu wosamva uja,
Wometa

Ndimati ndimate envulopu, alamu alowa. Ndabisa kalatayi pansi pa thaulo. Akhala pampando wanga akuti ndiwachotse ndevu, ndawapaka sopo, khadi lija lili m'kabati pansi penipeni pa galasi limene akudziyang'anira. Ndawameta tsaya limodzi. Kenako andigwira dzanja, andiyang'ana m'galasimo, akuti:

"Mlamu, iwe wekha ndi amene sunandinamizepo chigwereni pa njinga paja. Pali munthu akufuna makina aja mawa. Tandiuza zoona, ndigulitse?"