Ndabwera kudzacheza, osati kudzazondedwa

Loweruka, mwezi wa Ogasiti. Kunja kwatentha, koma mtima wanga watentha koposa.

Tchuthi chino amuna anga ndi ana apita ku Beira kwa apongozi. Ine ndatsala, chifukwa impso zangazi sizilola kuti nditalikire makina osefa magazi a ku Blantyre. Ndinati bola ndipite kwa achemwali ku Chiromo, ndikakwere bwato, ndikaone pamene Ruo amakumana ndi Shire.

Ndafika m'mawa, ndapeza mphasa yoyalidwa kale pakhonde, amayi a kutchalitchi atakhala mozungulira. Achemwali ndiwo awaitana. Andikhazika pakati n'kuyamba nyimbo imene timayimba pamaliro! Mmodzi wandisisita mwendo wotupawu, akuti, "Pepani mayi, zonse n'za Mulungu." Wina watulutsa botolo la zitsamba, akuti ndimwe lonse, litsuka impso. Ine amene adokotala anandiletsa ngakhale madzi ambiri!

Ndafunsa, "Achemwali, nanga bwato?"

Iwo akuti, "Iwe, wodwala pamadzi? Anthu atinena."

Atinena! Kodi ndabwera kudzasunga mbiri yawo?

Ndadzuka nyimbo ili mkati, ndavala nsapato, ndatsetsereka ndekha kudoko. Wopalasa bwato sanandifunse za matenda, wangoti, "Khalani pakati, mayi." Kamphepo ka pamtsinje kandiwomba kumaso, ndipo ndaseka ndekha ngati mwana.

Chibwerereni, achemwali sakundiyankhula. Akuti ndawachititsa manyazi pamaso pa alendo. Mawa ndikweranso. Akangoyerekeza kuitana amayi aja kachiwiri, ine ndiye...