Kompyuta ya Kanesi Ituluke M'kabati

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi onse pakhomopo. Kodi msana uja unasiya kukuvutani? Nanga Amayi, maso awo akuona bwanji chilandirireni mankhwala aja? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ayi. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mumandidula mawu, ndipo ine ndikakwiya ndimachita chibwibwi, inu n'kuwina mlandu.

Za kuno n'zomwe zija. Ndikadali kochapira kuchipatala, m'chipinda chapansi chopanda zenera momwe makina amalira tsiku lonse. Manja anasuwa ndi sopo. Kunyumba denga likudontha pamwamba pa bedi penipeni, ndipo eninyumba akuti ndingosuntha bedilo, ngati kuti m'kachipinda kameneka muli kosunthira. Mnzanga amene ndimakhala naye wapeza banja, akuchoka, ndiye ndikufunafuna wina wosaliza mkonono. Zonsezi ndikanazipirira ndikuseka.

Chandilanda mtendere ndi nkhani ya mwana wanga Kanesi. Aphunzitsi ake a bayoloje anandiimbira foni kufunsa ngati mwana akudwala, poti sakuoneka kusukulu chonsecho mayeso ali pakhomo. Nditamuimbira mwiniwakeyo, anati ali bwino, koma mawu ake anali ozizira ngati a munthu wofedwa. Zoona zake ndazimva kwa mng'ono wanga, ndipo nayenso ndachita kumukakamiza, poti akukuopani.

Akuti munalowa pabalaza n'kumupeza Kanesi ali pa kompyuta imene ndinamutumizira, akuonera vidiyo ya mmene mwana amakhalira m'mimba ndi mmene amabadwira. Akuti simunafunse kanthu. Munamuwomba mbama mpaka ndolo kugwa, kenako munamukokera panja pomwe amayi oyandikana nanu ankayanika zovala, n'kukuwa kuti anthu abwere adzaone zolaula zimene mlongo wanu akutumizira mwana wake. Kompyuta munaitsekera m'kabati ya mbale, kiyi mukuyenda naye m'thumba la jekete. Ngati pali pamene ndanama apa, mundiuze.

Achimwene, vidiyo imeneyo anatumiza ndi aphunzitsi ku gulu la kalasi yonse. Ndi phunziro, ndipo limabwera pa mayeso. Inu nomwe mukudziwa kuti sukulu ija ili ndi buku limodzi la bayoloje lolimbirana ana onse, ndipo masamba a mutu umenewu anyamata anathothola kalekale. M'chipinda chimene amachitcha labu muli mashelefu ndi akangaude basi. Pa intaneti ndi pomwe mwanayu amaona mtima wa munthu ukugunda, n'kuimitsa, n'kubwereza mpaka amvetse. Mapepala a mayeso akale amawapeza pomwepo. Pamene pamukanika amalemba funso, aphunzitsi kapena anzake n'kumuyankha tsiku lomwelo. Paja safunsa anadya phula. Chondiwawa n'chakuti wosafunsa ndinu, koma wolira ndi mwana wanga.

Kuno ndikamakankha ngolo ya nsalu za pabedi ndimadutsa pa chipinda chowerengera ana ophunzira unamwino. Atsikana amsinkhu wake amakhala pa makompyuta, zithunzi zomwezo zili poyera, wina akumwa tiyi, wina akulozera mnzake ndi cholembera. Palibe amene amawayesa ana otayika. Ndimachedwa dala pakhomo pamenepo, m'maganizo ndikumuona wanga atakhala pakati pawo. N'chifukwa chake ndinadzimana mpaka kompyutayo itapezeka. Ndipotu dzina loti Kanesi munamupatsa ndinu, tsiku lija anamanga mwendo wa galu wanu ndi nsanza akadali kamwana. Munkauza aliyense wodutsa kuti m'banja mwathu mwabadwa nesi. Lero mwana wayamba kulilondola dzinalo, inu mukumulandira ndi mbama.

Kodi mukudziwa zimene zikumuchitikira? Akapita kumpopi amayi aja amakodolana n'kumanong'onezana. Nkhani inafika kusukulu, ndipo anyamata amupatsa dzina lina limene sindingalembe pano. Ndiye wadzitsekera m'nyumba. Nditamuimbiranso n'kumuuza kuti zonse ndamva, anati, “Amayi, musavutike nane. Ndingofuna ntchito ya m'nyumba ngati anzanga, za sukulu zandikwana.” Ndinakhala pansi pakati pa nsalu zakuda n'kulira, mpaka abwana anga anaganiza kuti kwathu kwagwa maliro.

Sindinaiwale kuti munamutenga Kanesi bambo ake atatisiya, ndipo sanagonepo ndi njala pakhomo panu. Pa zimenezo ndimakuthokozani, ndipo ndidzakuthokozani mpaka kale. Ndikudziwanso kuti pa intaneti pali zonyansa, sindine mwana. Mukanalamula kuti aziwerengera pamalo poti aliyense azimuona, ndikanakuomberani m'manja. Koma nanga si anali pabalaza pomwepo, dzuwa likuswa mtengo, chitseko chili chotsegula? Wochita zobisika amasankha malo otere? Inu amene foni yanu ikangozima mumaitana Kanesi yemweyo kuti akuyatsireni, mwadzidzidzi mwasanduka katswiri wodziwa zoyenera ndi zosayenera pa kompyuta. Ndakwiya nanu, Achimwene, ndipo sindikubisa.

Pempho langa ndi limodzi: mumubwezere mwanayu nkhope yake. Tulutsani kompyutayo m'kabati, muinyamule nokha, mumutenge Kanesi mupite naye kwa aphunzitsi ake. Ndalankhula nawo, akuti akudikirani ndipo akuonetsani phunziro lonselo, mufunse chilichonse chimene mukufuna. Mukakhutira, pobwerera mudzere pa chingwe choyanikapo zovala chija, muwauze amayi aja kuti munalakwitsa, ndi mawu okweza omwe aja. Kupepesa kwa kuchipinda sindikufuna, poti simunamunyozere kuchipinda. Ine ndingamuimbire foni mpaka khutu kutentha, koma sangatuluke m'nyumba pokhapokha pakamwa pamene panamuipitsa pamuyeretse. Mayeso sadikira kuti munthu mtima wake utsike. Mukakana, ndisiya ntchito ino ndibwere ndidzachite ndekha, ndipo pakamwa panga mukupadziwa.

Mundiperekere moni kwa Amayi. Muwauze kuti juzi anapempha ija ndinaipeza, ndiwatumizira akapezeka munthu wobwera kumeneko. Moni kwa azakhali ndi ana onse. Mng'ono wanga musamukalipire, wangoyankha zimene ndinamufunsa. Kanesi mumuuze kuti mayi ake sakuchita naye manyazi ngakhale pang'ono.

Kwa mlamu wanga moni wapadera. Ndamva kuti ndi woyembekezera ndipo masiku ayandikira, ndikumupempherera. Tsiku lake likadzakwana mudzathamanga naye kuchipatala, mudzaima pakhonde, n'kumupereka m'manja mwa nesi, mwana wa munthu wina. Pamenepo mudzapemphere kuti nesi ameneyo akhale woti amalume ake anamulola kuonera vidiyo ija mpaka kumapeto.

Ndine mlongo wanu,
Make Kanesi