Mendulo ya Munthu Wosaoneka Pakompyuta

Alamu,

Ndikhulupirira muli bwino. Kuno tilipo, ngati kumeneku n'kukhalapo.

Achimwene anu awathamangitsa m'dziko muno. Adzatsika ndege Lachinayi, mukawachingamire chifukwa misewu ya kwanuko anaiwala kalekale. Ku ofesi yoona za alendo anataya fayilo yawo. Ndinapita ndi chitupa chawo chimene a ku ofesiyo anadinda okha, kalaliki n'kungoti, "Mayi, pakompyuta sakuoneka."

Dzulo boma lomwelo latumiza kalata yowaitana kukalandira mendulo, ati ayendetsa ambulansi zaka makumi atatu osajomba. Akuti abwere eni ake, atatchena. Ndiye jekete yawo ili m'nyumba munoyi ndiveke ndani?

Zimene adokotala anawapeza nazo tidzakambirana. Inu musawalole kunyamula okha sutikesi.

Ndine mlamu wanu wotopa.