Poto wa Abiti Saidi

Trelawney

Okondedwa achimwene Laxon,

Muli bwanji ku Joni kumeneko, inu ndi alamu anga? Kuno tilipo. Amayi akadali chigonere, mbali yakumanzere sinatsitsimuke, koma phala akumwa.

Ndalemba chifukwa pa foni mawu angandithawe. Ndachita zochititsa manyazi, achimwene.

Mukuwadziwa Abiti Saidi, Achisilamu oyandikana nafe mu komboni muno. Chiyambire kugireda fodya, ine ndimalawirira ku shedi, ndipo ndi iwo amene amasambitsa amayi, kuwatembenuza ndi kuwamwetsa phala. Mwezi wa Ramazani ankawaphikira iwo eni ali ndi njala, osalawa ngakhale mchere. Nditawathokoza anaseka, amvekere kwawo ngakhale kuchotsa minga panjira Mulungu amakuwerengera, ndiye ndisawachititse manyazi ndi mazikomo.

Pa Pasaka tinali ndi alendo akutchalitchi, ndipo ndinabwereka poto wawo wamkulu, amene amaphikira pa Idi. Mwamuna wanga, mlamu wanu Nobert, anabwera ndi mwendo wa nkhumba. Ndinadziwa bwinobwino kuti siziyenera, koma alendo anali atakhala kale, poto wina panalibe. Ndinaphika. Kenako ndinakwecha ndi phulusa ndi mchenga mpaka zala kusupuka, n'kukabweza ndikumwetulira ngati munthu.

Nobert mukumudziwa, akalawa mowa pakamwa sipatsekeka. Loweruka anakaimika anthu kumashopu n'kuwauza kuti poto wa Achawa walawa nkhumba ndipo sanaphulike. Pofika madzulo komboni yonse inali itamva.

Mtima unandithawa. Abiti akasiya kubwera, ndiye kuti ine ndisiye shedi, ndipo foromani ananena kale kuti wosagwira ntchito atuluke m'nyumba ya pafamu. Amayi ndingapite nawo kuti?

Lolemba ndinazengereza pakhomo, nsapato zili kumapazi. Ndinangomva odi. Abiti analowa ndi beseni lawo, n'kupatsa moni amayi monga mwa masiku onse. Ine ndinagwada. Anandiuza kuti ndidzuke ndingachedwe ku ntchito, nkhani ya poto ndi ya ine ndi iwo, gogo sanalakwire munthu. Anangowonjezera kuti chawapweteka si nkhumba, koma kuti adyetsa ana awo mu poto uja sabata yathunthu ine ndikuona.

Achimwene, bola akanandilalatira.

Pempho langa ndi ili. Mukabwera mwezi wamawa, mundiperekeze kwa amuna awo a Abiti, inu monga mwini mbumba. Nkhuku ndasunga, tikapereke yamoyo kuti akazinge okha mwa chipembedzo chawo. Nobert apita nawo, afune asafune.

Musachedwe chonde. Abiti akubwerabe tsiku ndi tsiku, ndipo amayi sakudziwa kanthu. Dzulo kunatentha kwambiri. Pobwera ku shedi ndinawapeza thukuta lili kamukamu, atangomaliza kuchapa zofunda za amayi. Ndinawatungira madzi mu kapu yanga yabwino ija ya alendo. Anandithokoza mwaulemu, natulutsa kabotolo kawo m'chitenje n'kumwa.

Ndinaima pamenepo ndi kapu m'manja, ndipo amayi anandifunsa chimene ndikulirira.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa mwana wanu Primrose. Mulungu akusungeni m'misewu ya kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Esinati