Akuti Ndiwotche Timasitima Tanga Chinkhoswe Chisanachitike

Aphungu,

Kalatayi ndakhala ndikuiyamba n'kuisiya, kuiyambanso n'kuisiya. Lero ndangoti ndilembe mmene zibwerere. Mtima wanga suli m'malo. Ndikakhala pansi ndimafuna kuimirira, ndikaimirira sindidziwa kolowera.

Ndine mtsikana wa zaka 31, ndimachita lendi ku Nkolokosa. Ndimagwira ntchito pa kachipatala kena ka mano ku Sunnyside. Sindizula mano ayi, ine ndimaumba mano oikirira, a anthu amene awo anaguluka. Ndili pa ubwenzi ndi Davie, mphunzitsi pa sekondale ina ku Chirimba, ndipo chinkhoswe chathu chimayenera kuchitika mwezi wamawa. Ndikuti chimayenera chifukwa panopa sindikudziwanso.

Mwina museka. Ndimakonda kupanga timasitima tankhondo toyenda pansi pa nyanja, zija amati sabumarini. Si zidole za ana. Zimabwera m'katoni zili tizidutswa ta pulasitiki, tina tochepa ngati njere ya mpunga. Umadula, kupala ndi sandipepa, kumata ndi guluu, kenako kupenta. Ikatha, sitima imodzi imatalika ngati kuchokera pachigongono kufika kuzala.

Anandiphunzitsa ndi a Kishore, bambo wachikulire wachimwenye amene anali ndi sitolo ya nsalu ku Limbe asanaisiyire ana awo. Atabwera kudzayezetsa mano, anandipeza ndikupaka kachikasu pang'ono pa dzino limodzi, ndipo anafunsa chifukwa chake. Ndinawauza kuti mano oyera mbee m'kamwa mwa munthu wamkulu, aliyense amadziwa kuti ndi ogula. Anaseka mpaka kutsokomola. Ulendo wotsatira anabwera ndi katoni, mkati muli sitima yomata theka. Anati, "Mwana wanga, manja angawa ayamba kunjenjemera, guluu akungothera pazala. Iwe uli ndi diso. Ndimalizire."

Nditaimaliza ndinaipenta yakuda bii, yonyezimira, ndili wonyada. Iwo anangopukusa mutu. "Sitima yowala chonchi ndi yabodza. Iyi yakhala m'madzi amchere, anthu aiponda ndi majombo, yagundidwa padoko. Ionetse kutopa." Apo ndi pamene lusoli linandigwira mtima, Aphungu. Ndinaphunzira kupala choko chofiirira kuti chikhale ufa, kusakaniza ndi sipiriti, n'kudonthetsa ndi kaburashi pansi pa tiziboo kuti zioneke ngati dzimbiri layenderera. Ndimadinda penti yotuwa ndi kachidutswa ka siponji kuti m'mbali muoneke mokandika. Ndimajambula kamzere kobiriwira ka ndere pamene madzi amalekezera. Agogo anga aamuna anachokera ku Beira ndipo ankakamba za madzi amchere mpaka tsiku lomwalira, koma ine nyanja yamchere sindinaionepo. Ndimangoiganizira ndili patebulo langa, ndipo mutu umapepuka.

Davie ankazikonda. Shelefu imene zimakhalapo anandikhomera ndi iyeyo, ndipo ankabwera ndi anzake kudzawaonetsa.

Zinasokonekera Lamulungu lina masana. Kunabwera azakhali ake a Davie, a Constance, amene anamulera mayi ake atamwalira. Sanandiuze kuti akubwera. Patebulo panali sitima yakuda yadzimbiri, pambali pake tianthu tating'ono ta m'sitimamo timene ndinkapenta, mitu yake nditaibaya pa masingano kuti iume. Choipitsitsa, ndinali nditatenga ntchito ya kuchipatala kudzamalizira kunyumba, ndiye pambale panali mano a munthu, apamwamba ndi apansi.

Anaima pakhomo osakhala pansi. Kenako analoza shelefu. "Izi zimayenda kuti?"

Ine mosaganiza ndinayankha, "Pansi pa nyanja, anti."

Anagwira chikwama chawo ndi manja awiri. Ndinayesa kufotokoza, ndinawatsegulira fanta, koma sanaikhudze. Anatuluka chambuyo akupemphera mokweza, anthu a pa mpopi akuona.

Mukudziwa zimene anthu amakamba, zoti a usataniki amapita pansi pa nyanja kukatenga chuma. Sabata isanathe, mneneri wa kutchalitchi kwa a Constance analalikira zoti pali mkwatibwi wina amene ali ndi zoyendera za mizimu yam'madzi ndipo amasunga mano a anthu. Dzina sanatchule, koma pa gulupu ya pafoni ya abale a Davie analitchula. Ena anawonjezera kuti mmwenye uja ndi amene anandilowetsa za usatanikizo. Nkhani inafika ku Nkolokosa ine ndisanatsike minibasi.

Panopa ndikafika pa mpopi azimayi amandipewa. Mayi amene ndimagulako tomato amati ndiike ndalama pa benchi, asalandire m'manja mwanga. Kenako mwana wa nyumba yoyandikana nayo anadwala malungo, ndipo madzulo ake miyala inagwa padenga langa. Mwanayo anachira atalandira mankhwala, koma zimenezo palibe akuzikamba. A landilodi, a Alidi, ndi munthu wabwino. Anandiitana nati, "Achemwali, ine zimenezi sindizikhulupirira. Koma magalasi a mawindowa ndi anga. Konzani nkhaniyi msanga."

Akuchimuna atumiza mawu kwa ankolo anga. Akuti chinkhoswe chichitika pokhapokha nditanyamula timasitima tonse kupita nato kutchalitchi kuja, tikawotchedwe anthu akuona, ine nditagwada kuti andimasule.

Ndinayembekeza kuti Davie akwiya. Sanakwiye. Anati, "Ella, ndi mapulasitiki chabe. Ingowotcha anti mtima ukhale pansi, tikalowa m'banja ndidzakugulira ena." Ndinamufunsa kuti nanga kugwadako, si kuvomera kuti ndinalidi ndi ziwanda? Anati, "Aaa, ndi tsiku limodzi basi, anthu aiwala." Pa gulupu paja sanalembepo ngakhale liwu limodzi, chonsecho shelefu anakhoma yekha. Ndipo tsiku lina tikudya chipisi ku Ginnery Corner anandiyang'ana nati, "Koma zoona zake, sumalota uli m'madzi eti?" Anaseka ngati nthabwala, koma maso ake sankaseka. Chipisi ndinachisiya.

Pali chinanso. Sitima imene ili patebulo ija si yanga. Ndi inanso ya a Kishore, akufuna kupatsa mdzukulu wawo, ndipo masiku ano akudwaladwala. Akandiimbira amafunsa, "Dzimbiri lafika pati?" Ndimangoti likuyenda. Chichitikireni zimenezi sindinagwire burashi.

Ndalongedza timasitima m'katoni n'kutitulutsanso kangapo. Loweruka lapitali ndinatinyamula m'chikwama mpaka ku Limbe kuti ndikatisiye kwa a Kishore. Ndinafika pageti, ndinaganiza za mkulu wodwala akumva kuti dzina lake likutchulidwa ndi za usataniki, ndipo ndinabwerera osagogoda. Ndinayenda wapansi mpaka ku Chichiri chikwama chili kumsana, osadziwa kumene ndikupita. Kuntchito ndawononga mano a munthu, chinthu chimene sichinandichitikirepo.

Davie ndimamukonda, Aphungu. Si munthu woipa, ndipo azakhali akewo anamuvutikira. Mwina ndikuumirira zachibwana? Ndiwotche kuti banja litheke? Kapena ndisiye mwamuna chifukwa cha mapulasitiki? Amayi anga akuti ndingomvera, mkazi sakanika pa zazing'ono. Ndithandizeni, tsiku likuyandikira.

E. P., Nkolokosa, Blantyre

*

Ella mwana wanga,

Sindinaseke. Pamene pagwa miyala padenga palibe choseketsa, ndiye tiyambire pomwepo, zachikondi zibwera pambuyo.

Mawa lomwe, timasitimato tichoke m'nyumbamo. Pempha abwana ako akupatse kabati kuntchito, kapena ukatisungitse kwa ankolo ako. Uku si kugonja, ndi kuchotsa chimene anthu angathyolere chitseko. Za miyalazo kanene kupolisi ndi kwa amfumu a m'dera lanu, ndipo a Alidi akuperekeze, poti nawonso nkhaniyi ikuwakhudza. Malamulo a dziko lino salola kunenera munthu ufiti. Anthu akadziwa kuti nkhani yafika kupolisi, manja amalemera kutola mwala. Ngati miyala igwanso, kagone kwa abale kaye. Usachite manyazi ndi zimenezo.

Ndikudzudzulenso pang'ono. Mano a anthu sabwera kunyumba. Ndi katundu wa kuchipatala, akhale kuchipatala. Tayerekeza kuti ndiwe mayi wachikulire amene sanaonepo ntchito yakoyo, walowa m'nyumba ya mkazi amene akutenga mwana wako, wapeza mano pambale ndi timitu pa masingano. Nanenso ndikanaima kaye pakhomo. A Constance analakwa kwambiri kuthamangira kwa mneneri ndi pa gulupu m'malo mokufunsa, koma mantha awo sanali onamizira. Usawanyoze, ndipo usalole anzako kuwaseka.

Tsopano funso lako. Usawotche, ndipo usagwade. Davie akunena zoona kuti ndi mapulasitiki, koma chimene akufuna kuwotcha kumeneko si pulasitiki, ndi dzina lako. Ukagwada pamaso pa mpingo, pali amene adzajambule pafoni, ndipo kanemayo adzayenda kuposa mmene inayendera mphekesera. Kuyambira tsiku limenelo sudzakhalanso munthu amene anamunamizira. Udzakhala munthu amene anavomera. Komanso sitima ya a Kishore si yako, ulibe ufulu woiponya pamoto.

Nkhaniyi ili ndi eni ake, ndiwo ankhoswe. Pita kwa ankolo ako uwafotokozere zonse, uwaonetse ndi maso. Iwo aitanitse akuchimuna, mukumane masana kunyumba kwa ankolo, osati kutchalitchi kwa mneneri uja. Ngati a Constance akufuna pemphero, pabwere abusa a mpingo wako kapena wa Davie, apempherere banja lonse, osati iwe wekha ngati wodwala. Tenga katoni yosatsegula, ngati ilipo, aitsegule okha aone tizidutswa ndi pepala la malangizo. Pala choko chako pamaso pawo, upake dzimbiri iwo akuona. Uwauzenso bwinobwino za ntchito yako, ndipo upepese kuti anakupeza ndi mano kunyumba. Pepesa pa chokhacho basi. Mwina a Constance sasintha maganizo tsiku lomwelo, koma ena amene adzakhalepo adzasintha, ndipo mphekesera imafooka ikasowa oinyamula.

A Kishore usawabisire. Munthu amene wakhala ndi sitolo ku Limbe moyo wake wonse wamvapo zambiri zonenedwa za iye, sangakomoke ndi izi. Auze mwachidule, kenako pempha kuti uzikamalizira sitimayo pakhonde pawo Loweruka. Iwo akusowa wocheza naye, iwe ukusowa pokhazika manja ndi mtima. Mano a anthu asiya kuwonongeka ukayambanso kugwira burashi.

Koma vuto lako lalikulu si azakhali, si mneneri, si anthu a pa mpopi. Ndi Davie. Sindikuti umusiye. Ndikumvetsa kuti kutsutsa mayi amene anakulera ndi chinthu cholemera, ndipo anyamata ambiri amasankha kukhala chete n'kumayembekeza kuti mkazi ameza. Khala naye pansi awiri, pamalo opanda phokoso, umufunse mosazungulira ngati iyeyo akukhulupirira zimene akukunenerazo. Funso lake la maloto lija lisapite ngati nthabwala. Akati sakhulupirira, umuuze kuti pa msonkhano wa ankhoswe woyamba kulankhula akhale iyeyo, anene ndi pakamwa pake, azakhali ake akumva, kuti amakudziwa, zinthuzo amazidziwa, ndipo sulowa m'banja mwake chogwada. Alembenso zomwezo pa gulupu pamene dzina lako linaipitsidwira. Angathe kunena mwaulemu wonse, koma anene.

Amayi ako akufuna uone banja, ndipo akunena mwachikondi. Uwayankhe mofatsa kuti kunenedwa usataniki si zazing'ono.

Ngati tsiku lifika izi zisanakonzeke, chinkhoswe chisunthidwe. Anthu adzalankhula sabata imodzi, kenako adzapeza nkhani ina.

Chenjezo langa ndi ili. Kutchalitchi kuja usapiteko wekha, ngakhale atakuitana mokoma kuti tingocheza. Ndipo usalowe m'banja ndi chiyembekezo choti Davie adzalimba mtima mukakwatirana. M'banja mumabwera matenda, ntchito imatha, nthawi zina mimba imachoka kapena mwana amachedwa kubwera. Tsiku limenelo abale adzafuna womuloza chala, ndipo adzayamba ndi iwe. Uyenera kudziwa lero, usanavale mphete, ngati mwamuna wakoyo adzaime pakati pa iwe ndi chalacho.

Aphungu