Theka la Chimanga Pabwalo la Mpira

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine kuno ku Joni ndiliko, chifuwa chija chinatha.

Lamlungu ndinayenda wapansi kuchokera ku Bertrams, dera limene ndimakhala, kukaona bwalo lalikulu la mpira lija. Kunalibe masewero, mageti anali otseka, koma ndinalizungulira mpaka kudziwe losambiramo. Kenako ndinagula chimanga chootcha. Mwachizolowezi ndinachithyola pakati, monga tinkachitira kumpira kwathu. Theka linalo ndinapatsira bambo wina amene ndinakhala naye pabenchi. Anandiyang'ana mokayikira, nakana nati, "Hayi, baba," n'kusuntha.

Theka lanulo ndinabwera nalo kunyumba, likuuma pawindo.

Mundiperekere moni kwa amayi. Mulungu akusungeni nonse. Loweruka mundiimbire, ngakhale mulibe nkhani.

Ine mng'ono wanu,
Yohane